Wotchi Yotsogola ya ku Kabwata

Ana inu, ikani kaye makatoniwo pansi. Ndawaona pamene mumatsika nawo m'galimoto, ndipo musandiuze kuti ndi a mabuku a Halima, chifukwa katoni yopanda kanthu imadziwika ndi kayendedwe ka woinyamula. Amayi anu Mariamu akutumani kuti mudzandilongedze, ine pamodzi ndi mipando, mukanditule ku Chelstone m'chipinda chimene akhala akundinyengerera nacho chimwalirireni agogo anu aakazi. Iwo aopa kubwera okha popeza ndinawabweza kawiri konse, ndiye atuma inu poganiza kuti nkhalamba sikalipira adzukulu. Yankho ndili nalo, ndipo mulimva lero lomwe, koma mulimva m'njira yanga. Twaibu, foniyo iike m'thumba. Ukaiyang'ananso ndiitsegula kumbuyo ndi sikuludiraiva yanga, ndipo sindikulonjeza kuti ndiibwezeretsa momwe inalili.

Iwe Halima ndiwe wayambitsa zonsezi. Tsiku lija unabwera kuchokera kuyunivesite kumene ukuphunzira fizikisi, unandipeza ndikudandaula kuti sindikudziwa chosankha, kukhala kuno ku Kabwata kapena kusamuka. Unandiyankha uku ukusenda lalanje langa:

"Agogo, osavutika maningi. Kusankha kulibe. Bongo wanu umasankha kale, imwe mumangomvela pambuyo monga nyuzi."

Unapitiriza kuti ena mwa aphunzitsi ako amati dziko lonseli ndi zinthu zokankhana, ichi chikankha icho, icho chikankha chinzake, kuyambira pachiyambi mpaka kufika pa lalanje limene unali kudyalo, ndipo munthu amangodzinamiza kuti wafuna yekha. Unati ena amatsutsa, koma iwe unkaoneka kuti uli kumbali ya okankhanawo. Ndinakwiya, ndisabise. Ine Jafali, amene ndinawoloka malire ndekha, ndinamanga banja ndekha, lero kamwana kamene ndinkakapukuta mamina kandiuze kuti sindinasankhepo kanthu? Koma utapita ndinayamba kuwerengera zimene ndinasankha pa moyo wanga, ndipo mpamene zinthu zinayamba kundivuta.

Ndinafika mu Lusaka muno ndili mnyamata, ndi kasutikesi kamalata ndi mtedza wokazinga m'thumba. Basi ya masiku amenewo kuchokera ku Chipata sinali ngati zanuzi zokhala ndi kanema m'kati. Inkafa panjira, amuna tonse n'kutsika kukakankha, ndipo pofika kuno munkakhala mutadziwana mpaka mayina a agogo. Ndinafikira kwa amalume anga amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya mmwenye m'tauni. Kwathu ku Mangochi nthawi sitinkaimanga pamkono. Munthu akati ndibwera dzuwa likapendeka, ankabweradi likapendeka, ndipo kukakhala mitambo mlandu unali wa mitambo. Amalume anafuna kuti ndiphunzire makina osokera, koma nditasoka thalauzi la mwendo umodzi wautali, anandipereka kwa mkulu wina wokonza mawotchi pakhonde lomwelo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti ntchito ya mawotchi ndinaisankha ndekha. Halima, usaseke, sitinafike poseka.

Inu simungadziwe kuti wotchi inali chiyani masiku amenewo. Kalaliki wa boma akalandira malipiro oyamba, asanagule ndi bedi lomwe, ankagula wotchi, kenako ankapinda mkono wa malaya ngakhale mu Juni kuzizira kukuluma. Ikafa, ankabwera nayo kwa ine nkhope ili ya munthu amene wabweretsa mwana kuchipatala. Ndinali ndi kathebulo kagalasi, kagalasi kena kotsinira padiso, kambaniro kotolera timagiya, ndi kabotolo ka mafuta amene dontho lake ndinkalitenga ndi nsonga ya singano. Ndikatsegula kumbuyo ndinkaona zonse poyera: sipuling'i ikukankha giya, giya ikukankha inzake, mpaka mivi iyende. Panalibe giya imene inkayenda mwa kufuna kwake. Choncho Halima, pamene unanena za zinthu zokankhana sunandiuze chachilendo. Chimene ndinakana n'chakuti nanenso ndine giya.

Mawotchi amene ndakonza ndinkawamanga pamikono kuti ndiwayese, ena uku ena uku, mpaka m'chigongono, ndipo iliyonse inkanena zake. Munthu akandifunsa nthawi pamsewu, ndinkayamba ndamufunsa kuti akufuna ya mkono uti. N'chifukwa chake ine mmisiri wa mawotchi wa pakhonde lija ndinali munthu wochedwa kuposa wina aliyense mu Lusaka, ndipo agogo anu akanakhalapo akanazinena ndi mawu okulirapo. Kumzikiti ndinkafika anthu akuvala nsapato.

Agogo anuwo, Abiti Wadi, ndinawaona koyamba pakathebulo pomwepo. Anali kamtsikana kafupi, kondifika m'khwapa, kovala mpango wobiriwira, ndipo anabweretsa wotchi ya bambo awo yomwe inali itaima. Nditatsegula ndinapezamo ufa. Ufa weniweni wa chimanga, wa kuchigayo. Ndinauuzira, ndinatsuka, ndinathira mafuta, ndinawapatsa. Sabata yotsatira anabweranso, wotchi yaimanso, ufa ulimonso. Ndinawafunsa ngati bambo awo amagwira ntchito kuchigayo, iwo anati ayi, ndi telala ku Kamwala. Ndinawafunsa ngati wotchiyo imagona m'thumba la ufa, anati sakudziwa, iwo angotumidwa. Ankayankha akuyang'ana pansi, ine n'kumati mumtima, mwana waulemu uyu, za dziko sazidziwa.

Ufawo unandizunguza mutu. Ndinamanga chivindikiro mwamphamvu, ndinasintha kamphira ka m'mphepete, koma unkalowabe. Pofika nyengo ya mvula ndinali nditadziwa kumene mtsikanayo amakhala, chimene amakonda kudya, ndi kuti amaseka dzanja lili pakamwa. M'mawa wina ndikumeta ndevu, maganizo anangondifikira okha: ndimukwatira ameneyu. Ndinapita kwa amalume chifuwa chili patsogolo kukawauza zimene ndaganiza ndekha ngati mwamuna. Amalume sanadabwe n'komwe. Anangoluma ulusi n'kunena kuti chabwino, nsalu ya mkanjo wa ukwati anagula kale. Ine ndinangoti ndi munthu wachangu. Ukwati utachitika, wotchi ya apongozi sinalowenso ufa, ndipo ndinauza anzanga kuti kamphira kaja kagwira ntchito tsopano.

Tsopano tayang'anani pakhomapo. Wotchi imeneyo ndinaigula yakufa kwa mzungu wina wa ku Kabulonga amene ankabwerera kwawo, ndinaidzutsa ndi manja angawa, ndipo titapeza nyumba ino ndiyo inali yoyamba kulowa. Ine ndinafuna kuipachika pamwamba, pafupi ndi denga, kuti aliyense wolowa aikwezere maso. Agogo anu anakana. Anati akufuna pamene angafikire popukuta fumbi, anatambasula dzanja n'kundionetsa ndi chala pokhomera msomali. N'chifukwa chake ili m'munsi chonchi, moti iwe Twaibu unaigunda ndi mutu chaka chatha n'kunamizira chitseko.

Wotchi imeneyi inandichititsa manyazi moyo wanga wonse. Inkatsogola. Ndikaitchera bwinobwino ndi wailesi pa nthawi ya nkhani, inkayenda bwino masiku angapo, kenako m'mawa wina ndinkathamangira basi thukuta lili kamukamu, n'kufika m'tauni masitolo asanatsegule. Pobwera madzulo ndinkapeza yatsogola ngati kotala ya ola. Tsono mvetsani, ana inu. Wotchi yothamanga imathamangabe, lero pang'ono, mawa kuonjezera. Iyi ayi. Inkalumpha kamodzi, kenako n'kumayenda mwaulemu ili patsogolopo. Matenda otere m'ntchito yathu kulibe. Ndinaimasula yonse kangapo konse, magiya kuyala pamphasa, agogo anu atandigwirira mbale ya masikuluu nkhope ili yachisoni. Ndinasintha sipuling'i, ndinatsitsa kachitsulo kolendewerako, sindinapeze kanthu. Ndipo popeza sindinkadziwa tsiku limene yanama ndi limene yanena zoona, ndinkangoimvera masiku onse. Ndinayamba kufika kumzikiti anthu akuvula nsapato.

Chimene chinandisokoneza kwambiri ndi mwezi wa Ramadani. Mwezi ukangooneka, wotchiyo inkaleka bodza. Masiku onse osala inkagwirizana ndi wailesi komanso kuitana kwa kumzikiti, osaphonya, moti futali womasulira kusala tinkadya pa nthawi yake. Idi ikangodutsa, yalumpha. Chaka ndi chaka zinali choncho.

Ndinawauza ba Mulenga, aneba athu aja a ku Luapula amene ankagwira ntchito kunjanji, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo. Inu mumawakumbukira chifukwa cha masuwiti. Anabwera, anaima patsogolo pa wotchiyo nthawi yaitali manja ali kumbuyo, kenako anati:

"Ba Jafali, iyi nkoloko yanu yangena Chisilamu. Isiyeni chabe. Ileka boza mwezi wonse, ise ku chalichi tili na bantu sibakwanisa na sondo imozi."

Ndinaseka, koma kunena zoona mumtima ndinayamba kuiopa. Poipukusa ndi kiyi Lachisanu ndinkayamba ndi Bisimila. Ndinafika mpaka poitana shehe wathu kuti ndiwafunse ngati chinthu chachitsulo chingadziwe mwezi. Halima, wati masiku ano anthu ophunzira akufunsa ngati makina amadziwa kuti alipo. Ine ndinafunsa kale zimenezo m'chipinda chino, amayi ako akukwawa. Shehe anayang'ana ine, anayang'ana agogo anu amene ankathira tiyi, n'kunena kuti za Mulungu n'zambiri, ndimwe tiyi asanazizire.

Kenako nthawi inanditaya ine mwini wake. Kunabwera mawotchi a batire, otchipa ngati tomato, akafa munthu amangotaya. Pambuyo pake kunabwera mafoni anuwa amene amadziwa nthawi popanda wowauza. Pakhonde paja tsopano amagulitsapo makava a mafoni, ndipo kathebulo kanga ndinabwera nako kuno, kali kuseri kwa chitsekocho.

Zaka zomwezo ndinadwala m'mimba, madokotala n'kunena kuti andichite opaleshoni. Iyi ndi nkhani yapambali koma imvereni, pakuti mpaka lero imandikanda. Anandigoneka pakabedi kuchipatala, dzuwa la m'mawa likulowa pawindo, namwino n'kundiuza kuti ndiwerenge manambala. Ndinayamba kuwerenga. Ndinaphethira kamodzi, n'kumufunsa namwinoyo kuti ayamba nthawi yanji, popeza ine njala yandipweteka. Iye anaseka, anati atha kalekale. Pamimba panali bandeji, ndipo dzuwa linali litapita mbali ina ya chipatala. Tulo wamba satero ayi. Ukadzuka umadziwa kuti unagona, thupi limakuuza kuti papita nthawi. Apa panalibe ngakhale mdima. Anangodula tsikulo pakati n'kulumikiza mbali ziwirizo, monga amalume ankachitira ndi thalauzi lalitali. Mtima unkagunda, magazi ankayenda, magiya onse anali pantchito, koma woyang'ana wotchiyo kunalibe. Nanga ine ndinali kuti? Ndinafunsa dokotala, anati ndinali pathebulo. Ndinafunsa shehe, anati ndinali m'manja mwa Mulungu. Ndinafunsa agogo anu, anati ndinali komwe ndimapita akamandiuza kuti makala atha. Iwe Halima nditakufunsa, unati akuluakulu ako a sayansi nawonso akukanganabe, ndipo iwe sukudziwa. Pa mayankho onsewo lako ndi limene ndinalikhulupirira.

Agogo anu anayamba kufooka zaka zingapo zapitazo. Inu munkawaona akumwetulira, koma ine ndinkaona mpango ukukulira mutu. Masana ena atagona pampando wautaliwo, ine ndikuwasendera mango, ndinazindikira kuti wotchi yakhala ikunena zoona milungu yambiri, chonsecho sunali mwezi wa Ramadani. Ndinawauza mokondwa kuti taonani, yachira yokha. Iwo anati:

"Che Jafali, sinachire. Ine ndi amene sindikutha kuimirira."

Sindinamve msanga. Ndiye anandifotokozera pang'onopang'ono, monga muja amachitira ndi mwana. Anati m'mawa ine ndikapita kosamba, iwo ankatsegula kagalasi n'kukankha muvi wautali ndi chala. Ndikaikonza ankayamba aisiya masiku angapo kuti ndinyade kaye. Pa Ramadani ankaleka poopa kundidyetsa dzuwa lisanalowe, tchimo n'kukhala lawo. Anati shehe ankadziwa, ba Mulenga ankadziwa, ndipo amayi anu anadziwa ali kupulayimale. Ine ndinali nditafunafuna matenda m'kati mwa wotchi zaka zonsezo, kagalasi kali padiso, osayang'anako n'kamodzi komwe kwa munthu amene wandigwirira mbale ya masikuluu.

Ine kukamwa kudakali yasa, iwo anaonjeza kuti ufa uja nawonso unali wawo. Ankautapa ndi nsonga ya mpeni. Nzeruyo anawapatsa ndi azakhali awo atagwirizana ndi amalume anga, amene anaona kuti akadikira kuti ndiganize ndekha, ndichedwa monga mwa masiku onse.

Ndinakwiya, ana inu, ndinakwiyadi. Ndinaika mango pansi n'kuwafunsa kuti ngati ntchito anandisankhira amalume, mkazi unandisankhira ufa, ndipo nthawi yodzuka chinkandisankhira chala chawo, ine pa moyo wangawu ndinasankhapo chiyani. Anaseka mpaka kutsokomola, dzanja lili pakamwa.

"Ine ndinkangothira ufa. Kuuchotsa inali ntchito ya kanthawi kochepa. Nanga amene ankati sinathe, mubwerenso mawa, anali ndani?"

Anali ine. Wotchi ya apongozi inkakhala itatha kale, ikugunda bwinobwino m'kabati, ine n'kumapukusa mutu kuti ntchitoyi ndi yaikulu.

Sipanapite nthawi yaitali, tinawaika m'manda. M'mawa mwake nditachokera kosamba ndinaima patsogolo pa wotchiyo, ikunena zoona zokhazokha, ndipo nyumba inandikulira. Ndinalira, sindikuchita nazo manyazi. Kenako ndinatsegula kagalasi n'kukankha muvi ndi chala changa. Kuyambira pamenepo ndimaitsogoza ndekha, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndimaimverabe.

Ndicho chifukwa ndinkawakanira amayi anu. Iwo amati sitepe ya kubafa ndi yoterera, amati ndimaiwala mbaula ili ndi moto, ndipo sakunama. Koma ine ndinkaona kuti ndikachoka m'nyumba muno ndawasiya agogo anu okha. Zaka zathu zonse zinachitikira m'makoma ano, ndipo ndinkaganiza kuti kulibe kwina kumene zatsalako.

Ndiye iwe Halima, tsiku la lalanje lomwe lija, unanenanso china. Unati ena mwa aphunzitsi ako amakhulupirira kuti nthawi siyenda n'komwe. Ndinakuuza kuti amayi ako ndinawalera ndi nthawi yoyenda, ikanakhala yoima bwenzi atakula ndi njala. Iwe unati:

"Agogo, mukankhala mu Kabwata, Chelstone imasila? Iliko chabe, ni imwe simuliko. Na zakudala ni chimozimozi. Ziliko, ni ise tinachokako."

Unati dzulo, lero ndi mawa zili pamndandanda ngati masiteji a pa Great East Road, ndipo unaonjeza kuti ngakhale mawotchi awiri abwinobwino, ina pamwamba pa phiri ina m'chigwa, sagwirizana ndendende. Ndinakuuza kuti ubwere nawo ndiwatsegule, mwina muli ufa. Ndinakuseka, koma utapita mawuwo anatsala muno. Ndinakhala pampando uwu n'kumaganiza kuti ngati mwanayu akunena zoona, ndiye kuti penapake pamsewu umenewo kamtsikana ka mpango wobiriwira kadakaimabe pakhonde, kakuyang'ana pansi, ndipo palibe katoni imene ingakachotsepo. Sindikudziwa ngati unali kunena sayansi kapena unangondimvera chisoni, koma mtima wanga unapepukako.

Komabe ndinati sindisamuka, chifukwa munthu ayenera kukanako kanthu kamodzi pa moyo wake kuti adziwe kuti alipo. Lachisanu lapitali, titatuluka kumzikiti, ndinakwera minibasi osauza aliyense, kupita ku Chelstone kukawakanira amayi anu pamaso, kachitatu komanso komaliza. M'tauni basi inaima n'kuima. Ndinamufunsa kondakitala kuti tinyamuka nthawi yanji, iye anati, "Ba shikulu, ise tilibe taimu. Ikazula, tayenda." Ndinati mumtima uyunso anaphunzira fizikisi.

Inu munali kusukulu. Amayi anu anandilandira, anandipatsa madzi, ine n'kuyamba mawu amene ndinawakonza njira yonse. Iwo anati ndingoona kaye chipindacho, kenako ndikane bwinobwino. Ndinalowa manja ali kumbuyo ngati ba Mulenga. Chinali chipinda wamba: bedi, windo loyang'ana ku mtengo wa mapeyala, mkeka wopemphererapo atauyala kale kuloza koyenera. Ndinali pafupi kutuluka pamene ndinaona msomali pakhoma. Khoma lonse loyera, msomali umodzi wokha, nawonso wopakidwa penti, kusonyeza kuti unakhomedwa kalekale. Koma unali m'munsi. Palibe mmisiri wamaso amene angakhome msomali pamenepo. Ndinayandikira n'kuima nawo, ndipo unandifika pamene umandifika uwu wa kunowu.

Ndinafunsa amayi anu kuti anakhoma ndani. Anayamba kuyang'ana pansi, ndendende mayi wawo pakhonde paja.

"Ni bamama, batate. Pamene tenze kumanga, banabwela na msomali mu chikwama. Banaimilila apa, banatambasula kwanja, bati khoma apa. Bati batate bako bazakana kabili, kachitatu bazabwela beka kuzakana pafupi. Iwe ukabaonese chabe chipinda."

Ndinakhala pabedi. Nthawi imene amayi anu ankamanga nyumbayo, agogo anu anali atayamba kale kumva m'thupi, ndipo ankadziwa kuti kumeneko sadzapukutako fumbi. Koma anayeza ndi dzanja lawo lomwelo, podziwa kuti mwamuna wawo, amene sanaone chala zaka zonse zija, msomali wokha auzindikira. Ndinafuna kukwiya, mkwiyo sunabwere. Ndinafuna kulira, kunabwera kuseka, ndipo ziwirizo zinasakanikirana mpaka amayi anu anathamangira madzi ena. Ndinatuluka n'kukwera basi yobwerera. Mpaka lero iwo sakudziwa chimene ndaganiza, n'chifukwa chake akutumani ndi makatoni moyesa mwayi.

Tsono Halima, sindikudziwa ngati wapambana ndiwe kapena ine. Mwina bongo unasankha kale, mwina agogo anu, mwina zinalembedwa ndisanabadwe monga amanenera shehe. Koma msomali sukoka munthu pamalaya. Ndinauona, ndinabwerera kuno, ndakhala ndikuuganizira masiku onsewa, ndipo lero m'mawa pometa ndevu maganizo anangondifikira okha, monga tsiku lija. Ndikupita ku Chelstone. Ndasankha ndekha, ndipo amene aseke sadya nawo mapeyala a pawindo langa.

Twaibu, yamba ndi kathebulo kuseri kwa chitsekocho, ugwire bwino galasilo. Wotchi musaiike m'katoni, ndiifungatira pamiyendo m'galimoto. Ayi Halima, chotsa chala, usaibweze. Ndikudziwa kuti foni yako ikunena zina, koma isiye momwemo. Agogo anu anali patsogolo panga masiku onse, ndipo sanandisocheretsepo. Tanyamukani, kwa iwo tachedwa kale.